Mafunso ndi Mayankho: Timitengo, Zitsekerero ndi Foni Pophunzitsa Ana Masamu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera m'maboma a Angónia, Tsangano, Moatize ndi Macanga, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, akukhudza nkhani imodzi, ya momwe ana angaphunzirire masamu pogwiritsa ntchito zinthu zogwirika ndi manja komanso zipangizo zamakono. Tasankhapo anayi, ndipo tawafupikitsa pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Alangizi, ine ndine mphunzitsi wa kalasi yachiwiri pa sukulu ina ya kumudzi kufupi ndi Ulongwe, ndipo ndili ndi ana oposa 70. Ana anga amatha kuwerenga kuyambira 1 mpaka 100 m'Chipwitikizi mosadodoma, koma ndikawapatsa samu ya 32 kuchotsa 17, ambiri amalemba 25. Ndafotokoza pa bolodi mobwerezabwereza koma palibe chikusintha. Ku maphunziro a zauphunzitsi anatiuza kuti tizigwiritsa ntchito zipangizo zogwirika, koma sukulu yathu ilibe ndalama zogulira. Ndichite chiyani?

Mphunzitsi, Angónia

YANKHO: Zikomo aphunzitsi chifukwa chotibweretsera samu yeniyeni, pakuti 25 ameneyo akutiuza zambiri. Mwanayo sanangolota yankho. Waona 2 pamwamba ndi 7 pansi, ndipo podziwa kuti chaching'ono ndicho chimachotsedwa mwa chachikulu, wachotsa 2 mwa 7 n'kupeza 5, kenako wachotsa 1 mwa 3 n'kupeza 2. Waganiza ndithu, kungoti kwa iye 32 ndi zizindikiro ziwiri zongoyandikana, ndipo sanaone kuti 3 ameneyo akuimira makumi atatu. Mukamamuuza kuti abwereke khumi kwa 3 uja, mumamutuma kukabwereka chinthu chimene sanachionepo, n'chifukwa chake kubwereza lamulolo pa bolodi sikukuthandiza.

Chimene mukusowa chili kuseri kwa kalasi yanu. Uzani ana kuti aliyense abweretse timitengo towongoka, totalika ngati pensulo, kapena tizidutswa ta bango kapena ta mapesi. Awerenge timitengo khumi n'kutimanga pamodzi ndi luzi kapena mphira wa chubu chakutha cha njinga, ndipo kumangako achite okha, chifukwa dzanja limene lamanga mtolo siliiwala kuti mkati mwake muli khumi. Kenako aike pansi 32: mitolo itatu kumanzere, timitengo tiwiri tosamanga kumanja. Apa muwauze kuti achotsepo 17, ndiye kuti mtolo umodzi ndi timitengo 7. Inu musafulumire kuwathandiza. Ayamba kuyang'anana, chifukwa tosamanga tilipo tiwiri tokha, ndipo posakhalitsa wina anena kuti amasule mtolo umodzi. Akamasula, pansi patsala mitolo iwiri ndi timitengo 12. Akachotsa 7 mwa 12 patsala 5, akachotsa mtolo umodzi mwa iwiri ija patsala umodzi, ndipo yankho la 15 aliona ndi maso awo.

Apa m'pamene aphunzitsi ambiri amalekeza, ndipo m'pamene ntchito imawonongekera. Chilichonse chimene manja achita chiyenera kulembedwa nthawi yomweyo. Mwana akamamasula mtolo, mnzake adule 3 uja pa bolodi n'kulemba 2, ndipo pa 2 wa kumanja alembe 12. Mukapanda kutero ana adzakhala ndi masamu awiri osadziwana, a timitengo ndi a m'kope, ndipo tsiku la mayeso adzalembanso 25. Pakapita masabata angapo, sungani timitengo m'thumba ndipo ana azijambula m'kope kapena pa dothi, mzere wautali poimira khumi ndi kadontho poimira chimodzi. Pomaliza asiye zojambulazo n'kugwira manambala okha. Masitepe atatuwa anawafotokoza katswiri wa zamaphunziro wa ku America, Jerome Bruner, mu 1966, pamene ananena kuti munthu amamvetsa chinthu pochichita ndi manja, pochiona m'chithunzi, ndiponso pochilemba m'zizindikiro. Kaphunzitsidwe ka masamu ka ku Singapore, kamene kamatamandidwa kwambiri, kanamangidwa pa maganizo omwewa. Timatabwa togulitsa m'masitolo timene anayambitsa Zoltán Dienes, wobadwira ku Hungary, timaonetsa amodzimodzi, makumi ndi mazana, chimodzimodzi ndi mitolo yanu. Ine ndimaona kuti mitolo imaposa, chifukwa imamasulika ndi kumangikanso, pamene katabwa koimira khumi mwana amangosinthanitsa.

Kuphunzitsa pogwiritsa ntchito ndalama kubwere pambuyo pa mitolo. Kobidi ya mametikali 10 sioneka ngati makobidi khumi a metikali imodzi, choncho mwana ayenera kukhulupirira mtengo umene sakuuona, ndipo chimenechi n'chovutirapo. Akazolowera mitolo, dulani makatoni n'kulembapo 1, 10 ndi 100, muchite msika m'kalasi, wina azigulitsa wina azibweza chenji.

Za kuchuluka kwa ana, agaweni m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse likhale ndi thumba lake la timitengo ndi mwana wolisunga. Nthanga za malambe, za masawu ndi zitsekerero za mabotolo n'zabwino powerenga ndi pogawa, koma kwa ana aang'ono kwambiri pewani nyemba ndi chimanga, chifukwa ena amaziika m'mphuno kapena m'khutu. Ndalama zochepa za ADE, thandizo limene sukulu imalandira mwachindunji kuchokera ku boma, zikhoza kugulira makatoni, inki ndi zingwe, ndipo pa msonkhano wa ZIP, gulu la sukulu zoyandikana, mungapangire limodzi zipangizozi ndi aphunzitsi anzanu. Chinanso, lolani mwana afotokoze m'chinenero chake zimene wachita asanapatsidwe mayina a Chipwitikizi a unidades (amodzimodzi) ndi dezenas (makumi). Chigawo chathu chino si chachilendo pa nkhaniyi, pakuti pamene boma linkayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja cha kuno ku Tete chinali chimodzi mwa zinenero ziwiri zimene zinasankhidwa, pamodzi ndi Chichangana cha ku Gaza.

FUNSO: Ine ndine mlimi wa mbatata ya kachewere. Mwana wanga wamwamuna ali m'kalasi yachinayi koma amawerengabe zala, ndipo akabwera kusukulu amandiuza kuti amasewera ndi miyala. Ife tinkaloweza tabuada, mndandanda wa masamu ochulukitsa, ukalakwa unkalandira chikwapu, ndipo mpaka lero sindinaiwale. Kodi miyalayi sikuchedwetsa ana?

Bambo wa ana anayi, Tsangano

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ili ndi maziko, ndipo sindikutsutsani zonse. Mwana wa kalasi yachinayi ayenera kudziwa pamtima kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56, chifukwa akamataya mphamvu zake zonse pa kasamu kameneka sadzakhala ndi mpata m'mutu woganizira samu yaikulu yogawa. Miyala imene mwana saisiya imakhaladi yomuchedwetsa. Pamene tikusiyana m'pakuti kuloweza kumayenera kutsatira kumvetsa, ndipo chikwapu sichiphunzitsa samu. Inu munaloweza n'kusunga, koma kumbukirani anzanu angati amene anathawa sukulu chifukwa cha phunziro lomweli, ndipo mpaka pano amati masamu si awo.

Mukhoza kumuthandiza m'munda mwanu momwemo. Muonetseni mizere 6, uliwonse wa mapando 8, ndipo mumufunse kuti mapando onse ndi angati popanda kuwerenga limodzilimodzi. Madzulo ayale zitsekerero za mabotolo pa mphasa mofanana ndi mundawo. Akapeza 48, mumuuze kuti asunthe akakhale cham'mbali mwa mphasayo, kumanja kapena kumanzere kwa pamene anali. Tsopano aona mizere 8 ya zitsekerero 6, koma palibe chimene chawonjezedwa kapena kuchotsedwa. Wazindikira yekha kuti 6 kuchulukitsa ndi 8 n'chimodzimodzi ndi 8 kuchulukitsa ndi 6, ndipo ntchito yoloweza tabuada yachepa pafupifupi ndi theka. Pa 7 kuchulukitsa ndi 8, ayale mizere 7 n'kuika kamtengo pakati pa mzere wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi: mizere isanu ikupereka 40, iwiri yotsalayo 16, zonse pamodzi 56. Kuphwanya nambala motere sikwachilendo kwa mwana wa Chichewa, popeza kawerengedwe ka makolo athu kamatsamira pa zisanu, ndipo 7 timamutchula kale kuti zisanu ndi ziwiri. Mwana amene wadziwa njira imeneyi akaiwala yankho amatha kulipanganso, pamene amene anangoloweza akaiwala amangokhala chete.

Za zala, musamumenye pa dzanja. Yang'anitsitsani momwe akuwerengera. Mukamupatsa 8 kuphatikiza 7, ngati akuyambira pa 1 kuwerenga zonse, ali m'mbuyo ndipo akufunika thandizo. Ngati akusunga 8 m'mutu n'kupitiriza kuchokera pa 9, ali pa njira. Chimene mukufuna n'chakuti afike ponena kuti 8 akusowa 2 kuti akwane khumi, ndiye 7 uja apereke 2 n'kutsala 5, yankho 15. Akafika pamenepa zala amazisiya yekha. Mukatero muzimufunsa tabuada pakamwa mphindi zochepa tsiku lililonse, popita kumunda kapena podikira nsima, ndipo musanyoze bawo kapena nsolo. Wosewera bawo amawerengeratu kuti njere zake zikathera dzenje liti asanazigwire, ndipo kumeneko n'kuwerengera m'mutu kwenikweni. Pa nthawi yogulitsa, mpatseni kope alembe matumba ndi mtengo wake, inu muzingotsimikiza.

FUNSO: Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa msika, ndipo ndili ndi foni yamakono. Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 masamu amamuvuta. Abale akundiuza kuti ndimugulire tabuleti chifukwa ana a masiku ano amaphunzirira pamenepo. Ndalama zake ndiyenera kusunga miyezi ingapo. Kodi ndigule?

Mayi, Moatize

YANKHO: Mayi, yankho langa n'lakuti musathamangire kugula, makamaka ngati ndalamazo zichokera pa makope, nsapato kapena chakudya cha mwanayo. Chipangizo pachokha sichiphunzitsa. Dziko la Peru linagawira ana a m'sukulu za kumudzi malaputopu ochuluka zedi, koma kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti patatha miyezi 15 anawo anadziwa kugwiritsa ntchito makompyuta, pamene zotsatira zawo za masamu ndi chinenero sizinakwere. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, nkhani inayenda mosiyana. Kumeneko bungwe la onebillion linakonza pulogalamu ya pa tabuleti yolankhula Chichewa, ndipo akatswiri a yunivesite ya Nottingham atafufuza anapeza kuti ana amene ankaigwiritsa ntchito anapita patsogolo pa masamu. Bungweli linali limodzi mwa awiri amene anapambana mphotho ya Global Learning XPRIZE mu 2019. Kusiyana kwake sikunali pa chitsulocho. Ku Malawi pulogalamuyo inkayenda sitepe ndi sitepe, inkalankhula chinenero cha mwana, inkamuuza pomwepo ngati wakhoza kapena walakwa, ndipo ana ankaigwiritsa ntchito nthawi yochepa yoikika pamaso pa mphunzitsi.

Choncho yambani ndi foni imene muli nayo kale. Pemphani aphunzitsi a mwanayo kapena wachibale wodziwa kuti akuthandizeni kupeza pulogalamu ya masamu ya msinkhu wake, ndipo musanamupatse muiyese nokha. Izigwira ntchito ngakhale mulibe mamega, chifukwa yofuna intaneti nthawi zonse idzakudyerani phindu la tomato. Isakhale yodzaza ndi zotsatsa malonda, makamaka za juga, zimene zafala kwambiri m'mafoni masiku ano. Mwana akalakwa izimuonetsa pamene walakwira, osati kungolira belu n'kupita ku funso lina. Pali mapulogalamu ena amene mwana amangodinadina mpaka atapeza yankho mwangozi, nyenyezi n'kumuwalira, iye osatolapo kanthu. Njira yodziwira n'njosavuta: akamaliza, mulandeni foniyo mwaulemu, mumupatse samu yofanana nayo pa pepala, ndipo mumufunse kuti akufotokozereni mmene waipezera.

Muchenjerenso ndi zinthu zokonzedwera maiko ena. Za ku Malawi zimatsata maphunziro a kumeneko, kumene manambala amatchulidwa kwambiri m'Chingerezi, pamene mwana wanu adzalemba mayeso m'Chipwitikizi. Kalembedwe kamasiyananso: ziwiri ndi theka ife timalemba 2,5 pamene anzathu a ku Malawi amalemba 2.5, ndipo kakusiyana kameneka kamasokoneza ana a m'malire. Mavidiyo a ku Brazil ali m'Chipwitikizi, koma ndalama ndi zitsanzo zake n'za kwawo.

Ndikanakhala inu, ndikanadalira kwambiri benchi lanu la pa msika. Loweruka mwanayo apange milu ya tomato anayianayi kuchokera m'dengu n'kunena kuti yatuluka milu ingati ndipo atsala angati, kumeneko n'kugawa kokhala ndi zotsala. Wogula akapereka mametikali 100 pa katundu wa 65, mwanayo awerengere chenji pokwera kuchokera pa 65, ndiye kuti 5 kufika pa 70 ndi 30 kufika pa 100. Uthenga wa ndalama za pa foni, wa M-Pesa kapena e-Mola, ukalowa, bisani ndalama zotsala ndi chala ndipo ayambe wanena yekha kuti zikhala zingati. Kakyuleta ya pa foni ikhale yotsimikizira yankho limene wapeza kale. Nthawi ya pa foni isapitirire mphindi 20 kapena 30 pa tsiku, inu kapena mkulu wake ali pafupi. Mukaona patapita miyezi kuti akupinduladi ndipo foni imodzi ikukuchepelani, pamenepo nkhani ya tabuleti mungaiganizire.

FUNSO: Sukulu yathu yalandira sola ndi laputopu imodzi kuchokera kwa akufuna kwabwino. Ndimaphunzitsa kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo ana amavutika ndi magawo a nambala komanso makona. Laputopu imodzi ingathandize bwanji ana ambiri chonchi?

Mphunzitsi, Furancungo

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba isatsekeredwe mu ofesi poopa kuti iwonongeka. Ngakhale chigawo chathu chili ndi damu la Cahora Bassa ku Songo, lopanga magetsi okwana mamegawati 2075, sukulu zambiri za kumudzi zikudalirabe dzuwa, choncho mwayi umene mwapezawu ugwire ntchito. Mukapita kumene kuli intaneti, ikanimo GeoGebra, pulogalamu yaulere imene anayambitsa Markus Hohenwarter ku Austria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ilipo m'Chipwitikizi ndipo mukaiika imagwira ntchito popanda intaneti.

Komabe phunziro liyambire m'manja. Mwana aliyense adule pepala la makona atatu la maonekedwe amene akufuna, ang'ambe makona onse atatu n'kuwalumikiza nsonga zake pamalo amodzi m'mphepete mwa rula. Aona kuti akupanga mzere wowongoka, ndiye kuti madigiri 180. Wina adzafunsa ngati zimatero ndi mapepala onse, ndipo apa m'pamene laputopu imachita chimene pepala silingathe. Jambulani triângulo (chithunzi cha makona atatu) mu GeoGebra yoonetsa kukula kwa kona iliyonse, mwana akoke nsonga imodzi uku ndi uku, anzake aziona manambala atatu aja akusintha koma akawaphatikiza akupezabe 180. Asanakoke, gulu liziyamba lanena chimene likuyembekezera kuona, chifukwa popanda kutero amangoonerera ngati kanema.

Pa kona yowongoka ya madigiri 90, tulukani panja ndi chingwe chomangidwa mfundo zotalikirana mofanana kuti chikhale ndi zigawo 12. Ana atatu achikoke kuti mbali zake zikhale za zigawo 3, 4 ndi 5, ndipo kona ya pakati pa 3 ndi 4 idzakhala yowongoka, monga amachitira amisiri poyala maziko a nyumba. Ngati m'mudzimo muli mmisiri womanga kapena woluka malichero, muitaneni adzaonetse ntchito yake. Paulus Gerdes, katswiri wa masamu wobadwira ku Netherlands amene anagwira ntchito kuno ku Mozambique mpaka pamene anamwalira mu 2014, anathera zaka zambiri akuonetsa kuti m'madengu, m'mphasa ndi m'kamangidwe ka nyumba za anthu athu muli masamu oyenera kulowa m'kalasi.

Pa magawo a nambala, ana ambiri akaphatikiza 1/2 ndi 1/4 amalemba 2/6, chifukwa amaphatikiza za pamwamba pazokha ndi za pansi pazokha. Bweretsani ndowa ya malita 20 ndi chigubu cha malita 5. Akathira zigubu zinayi ndowa idzadza, choncho chigubu chimodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo theka la ndowa ndi zigubu ziwiri. Theka kuphatikiza chigubu chimodzi ndi zigubu zitatu, ndiye kuti 3/4, ndipo afunseni ngati 2/6, amene sakwana n'theka lomwe, angakhale yankho pamene madzi m'ndowamo apitirira pakati. Apinde mapepala kusonyeza zomwezo, kenako alembe manambala ake.

Pokonza nthawi, gawani kalasi m'magulu kuti pamene gulu limodzi lili pa laputopu kwa mphindi 10, ena akhale pa chingwe, pa ndowa ndi pa makope, kenako asinthane. Lembani mayina a amene agwira kompyutayo tsiku lililonse, kuti atsikana ndi ana amanyazi asamangoima kumbuyo kwa anzawo olimba mtima. Muziitchaja masana dzuwa lili pamutu, muziisunga m'thumba lotseka poteteza fumbi, ndipo musalole kuti aliyense azilowetsamo fulashi yake ya nyimbo, chifukwa mavairasi ambiri amalowera pamenepo ndipo wokonza ali kutali, ku mzinda wa Tete.